Mwana akasintha khalidwe mwadzidzidzi, tisathamangire kunena kuti ndi majini

Makolo ndi ophunzira athu, tiganizire mtsikana wa Fomu 3 amene anali bwinobwino, koma m'masabata awiri okha wasiya kugona, akubwebweta, akuona zinthu zimene ena sakuziona, kenako wayamba kugwa ngati wakhunyu. Kwathu kuno ambiri tinganene kuti wagwidwa majini kapena walodzedwa. Ena anganene kuti wapenga, apite naye ku Zomba. Komatu pali nthenda ina ya ubongo imene imayamba chimodzimodzi, ndipo imachizika.

Thupi lathu lili ndi asilikali olimbana ndi tizilombo. Nthawi zina asilikaliwa amasokonezeka n'kuyamba kumenya ubongo wa mwini wake, ndipo ubongowo umatupa. Madokotala amaitchula kuti autoimmune encephalitis. Mtundu wake wodziwika kwambiri anaufotokoza Dr Josep Dalmau ndi anzake ku University of Pennsylvania mu 2007. Umagwira kwambiri ana ndi atsikana achisodzera, ndipo mwa atsikana ena gwero lake limakhala chotupa cha m'thumba la mazira.

Chozindikiritsa chachikulu ndi liwiro lake: munthu amasintha m'masabata ochepa, osapitirira miyezi itatu. Amaiwalaiwala, amasiya kuyankhula, pakamwa ndi manja zimagwedezeka zokha, ndipo ena amakomoka.

Dokotala sayamba ndi nthenda imeneyi. Amayamba wayeza matenda ofala kuno: malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, TB, HIV ndi kuchepa kwa shuga m'magazi. N'chifukwa chake ulendo umayambira kuchipatala chathu cha pafupi, kenako cha boma la Phalombe, ndipo zikavuta amatumiza ku Gulupu ku Blantyre. Kumeneko makina ojambula ubongo a MRI anafika mu 2008 pa kafukufuku wa malungo a ana. Koma chithunzi cha MRI chimatha kuoneka chabwino munthu akudwala ndithu. Palinso EEG yoyeza mphamvu za mu ubongo, ndi kuyeza madzi a mumsana, momwe mumapezeka asilikali osokonezeka aja.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amakana, poopa kuti kutenga madzi a mumsana kumapha. Madziwo amatenga pang'ono chabe ndipo thupi limapanga ena. Nthawi zambiri amene amamwalira amakhala atafika mochedwa, matenda atakula kale. Tikakana, dokotala amasowa poyambira.

Ikadziwika, amapereka mankhwala ochepetsa ukali wa chitetezo cha m'thupi, ndipo ngati pali chotupa amachichotsa. Pafupifupi odwala 8 mwa 10 amachira bwino, ngakhale kuchirako kumatenga miyezi. Mtolankhani wa ku New York, Susannah Cahalan, anadwala mu 2009, anthu n'kumaganiza kuti wapenga, koma anachira n'kubwerera kuntchito.

Sitikuletsa duwa. Tiwerengereni odwala athu ndi kuwapempherera, koma tichite zimenezi tili panjira ya kuchipatala, pakuti chipembedzo chathu chimatilimbikitsa kufunafuna mankhwala. Wodwala asamangidwe zingwe kapena kutsekeredwa m'nyumba. Wompelekeza akhale wodziwa tsiku limene zinayamba, ndi chimene chinatsogola. Inu ophunzira, mnzanu akasintha chonchi musamuseke. Uzani aphunzitsi tsiku lomwelo. A komiti ya mzikiti, tithandizane pa thiransipoti, banja lisachedwe chifukwa chosowa ndalama ya njinga yamoto.

Allah achiritse odwala athu onse.