Nyumba ya Banja Pamaso pa Okongoza Ndalama

Munthu wotsegula The Nation kapena The Daily Times, akafika pa masamba a zidziwitso, sachedwa kuona nyumba za ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 zitandandalikidwa ndi nambala za maploti ake, kuti mabanki akuzigulitsa. Ndipo ambiri amazizwa, poyesa kuti nyumba yogonamo ana njopatulika pamaso pa lamulo. Kunena mosapsatira, m'Malawi mulibe lamulo lotchinjiriza nyumba pa chifukwa chokhacho chakuti mukukhala banja, monga ziliri ku Texas ndi ku Florida, ngakhale kumenekonso nyumba yoperekedwa chikole imapita ndithu. Chimene malamulo athu apatsa wobwereka ndicho nthawi, ndi khomo la bwalo la milandu.

Nyumba zambiri zimatayika chifukwa mwini wake, pofuna mpamba wa malonda, anapereka yekha chikalata cha malo kubanki. Lamulo la Registered Land Act la 1967 limati wobwereka akatha mwezi wathunthu osalipira, banki imlembere kalata yomchenjeza; ndipo ikapita miyezi 3 chilandirireni kalatayo iye asanakonze mlandu wake, bankiyo ili ndi mphamvu yogulitsa nyumba popanda kupempha chilolezo kwa woweruza, malinga ichite mokhulupirika, ndi kubwezera mwini nyumba ndalama zotsala ngongole ndi zolipira zina zikachotsedwa. Miyezi itatu imeneyi ndiyo chuma chonse cha wobwereka, koma n'zachisoni kuti ambiri, pochita manyazi, amapinda kalatayo naibisa m'galimoto, osauza ngakhale mayi a kunyumba, nadzathamangira chiletso ku High Court ogula atayamba kale kusuzumira pageti. Oweruza sapereka chiletso mwachisawawa kwa munthu amene akuvomera yekha kuti ngongole ilipo. Mayi amene anathirapo thukuta lake pomanga nyumba yolembedwa m'dzina la mwamuna yekha angachite bwino kukalembetsa caution ku ofesi yolembera malo zinthu zisanafike poipa, kuti nyumbayo isagulitsidwe kapena kupinyolitsidwa iye osadziwa.

Ngongole yopanda chikole, monga ya katundu wotengedwa m'masitolo a mu Old Town, ili ndi njira yake yaitali. Wokongoza ayenera kusuma, kupambana mlandu, ndi kutenga chikalata cha bwalo chotuma masherifu. Iwowa amayamba ndi katundu wonyamulika, galimoto, firiji, mipando, kusiya zovala, zofunda ndi zipangizo zimene munthu amagwirira ntchito yake, monganso chilamulo cha Mose chinaletsera kutenga mphero ngati chikole. Nyumba imafikiridwa pambuyo, bwalo litalamulanso, ndipo wobwereka ali ndi ufulu wopempha kuti azilipira pang'onopang'ono. Wokongoza wobwera ndi anyamata ake ndi loko watsopano, wopanda pepala la kubwalo, akuswa lamulo iye mwini, pakuti gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino likuletsa kulanda munthu katundu mopanda chilungamo.

Akatapila ndiwo oopsa koposa, popeza ena amasainitsa wobwereka pangano la kugulitsa nyumba m'malo mwa la ngongole; safunsa anadya phula. Komabe lamulo la Loans Recovery Act limapatsa bwalo mphamvu younikanso ngongole imene chiwongola dzanja chake chapyola muyezo.

Anzathu a ku South Africa anatsogola: m'chaka cha 2004, pa mlandu wa Jaftha, bwalo lawo lalikulu linagamula kuti nyumba ya mmphawi isagulitsidwe chifukwa cha kangongole kochepa woweruza asanapime nkhani yonse. Aphungu athu akadalingalirapo. Kuno, ngakhale mwini nyumba atatsikira kuli chete, mlandu suwola: lamulo la 2011 la chuma cha masiye limateteza mayi ndi ana kwa abale olanda, koma ngongole zimalipidwa kaye cholowa chisanagawidwe.

Inu amene mwalandira kalata ya banki, lembani tsiku limene yakufikani, auzeni akunyumba, ndipo sabata isanathe kaonaneni ndi a banki, loya wanu kapena a Legal Aid Bureau.