Kodi khoti ingakhulupilile cithunzi ca pa foni?

Mlandu wa munda ukabuka masiku ano, ambili timathamangila kujambula. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa ku Liwonde kupita ku Kasungu m'Malawi, ndipo zina zimaoloka malile n'kuononga minda kuno ku Lundazi. Mlimi wodandaula amadalila cithunzi, koma cithunzi cingathe kusinthidwa.

Lamulo la Electronic Communications and Transactions Act la 2021 limalola umboni wa pa foni m'khoti, koma woweluza amayang'ana mmene unapangidwila ndi mmene unasungidwila.

Akatswili amayamba ndi zimene foni imalemba mkati mwa cithunzi: tsiku, nthawi, mtundu wa foni, komanso malo ngati GPS inali yoyatsa. Kenako amaona mithunzi. Ngati mthunzi wa munthu wagwela kum'mawa koma wa mtengo kumadzulo, ndiye kuti wina anaikapo dzanja. Mapesi awili ofanana ndendende amaonetsa kuti mbali ina inakopedwa pofuna kukulitsa cionongeko.

Vuto lathu ndi WhatsApp. Tikatumiza cithunzi mwa nthawi zonse, imacicepetsa ndi kufufuta zolembedwa zija, motelo ngakhale coona cimasowa coikila kumbuyo. Tisunge coyambilila m'foni imene inajambula, tisacidule kapena kuciwalitsa, ndipo tijambule zingapo, pafupi ndi patali. Potumiza, tisankhe "Document".

Tikumbukilenso Eksodo 20:16. Kusintha cithunzi kuti mnzathu aluze mlandu ndi umboni wonama.