Mlombwa, Mbawa ndi Cherry: Za Matabwa Osiyana Maonekedwe

Kumpoto kwa mzinda wa Pretoria, kuseri kwa mapiri a Magaliesberg, kuli dera lochedwa Montana. Mseu waukuru wodutsa kumeneko kale unali kuchedwa Zambesi Drive, koma m'caka ca 2012 anaupatsa dzina la Sefako Makgatho. Makolo a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe anali kupita ku South Africa kukakumba golidi m'migodi. Adzukulu ao apita lero ndi luso la m'manja, ndipo ena mwa iwo ndi amisiri opala matabwa. Nyumba za m'madera onga Montana zifuna magome, mipando ndi makabati, ndipo eni ace ndi anthu amene ayang'ana cinthu kawiri asanaturutse ndarama. Nkhani ya lero iri ya amisiri amenewa, ndiponso ya anzao otsala kwao.

Gome lingakhale lolimba ndi losalala bwino lomwe, koma ngati thabwa limodzi liri lofiira ndi linzace lotuwa, wogula aganiza kuti mmisiri wasakaniza mitengo kuti amnyenge. Akakana kulipira, nchito ya masabata atatu yapita padera, ndi ndarama zogulira matabwa zomwe. Komatu kawiri kawiri mmisiriyo sananyenge munthu ai. Matabwawo angakhale a mtengo umodzi womwewo.

Omvera ambiri audziwa mlombwa, umene ku Zambia ndi ku Zimbabwe aucha mukwa, ku Mozambique umbila, ndi ku South Africa kiaat. Ukatemedwa uturutsa utomoni wofiira ngati magazi. Munthu akayang'ana pa cipika codulidwa aona mbali ziwiri. Pansi pa khungwa pali mbali yoyera, yocindikala ngati zala ziwiri kapena zitatu. Ndimo muyenda madzi ocokera ku mizu. M'kati muli mtima wa mtengo, umene unaleka kuyendetsa madzi, ndipo mtengo unasungamo mankhwala ace oteteza ku ciswe ndi kubvunda. Mankhwala amenewa ndiwo apatsa thabwa mtundu wace. Popeza sakhala olingana pena pali ponse, mlombwa wina uli wofiirira ngati uci, wina wodera, wina wa mizere mizere. Nthaka, mvula ndi msinkhu wa mtengo nazonso zithandizako.

Ku Pretoria mmisiri akomananso ndi thabwa lacilendo lochedwa cherry, locokera kum'mawa kwa United States, makamaka m'nkhalango za ku Pennsylvania. Mtengo wace ndi wokwera, ndipo liri ndi khalidwe limene ladabwitsa amisiri ambiri. Likangopalidwa lioneka lotuwa, lofiirira pang'ono cabe. Koma kuwala kwa dzuwa ndi mpweya zilisanduliza tsiku ndi tsiku, kufikira likhala lofiira kwambiri, modera. Kusintha kwakukuru kucitika m'caka coyamba, ndipo kupitirira pang'ono pang'ono zaka zambiri. Mbali yoyera ija siida comweco. Cotero kusiyana kumene kunali kosaoneka tsiku logula kuonekera poyera pakapita miyezi isanu ndi umodzi. Mmisiri amene anapala mbawa sayenera kuzizwa nazo, pakuti mbawa nayo iyamba yotuwa nifiira pambuyo pace.

Nanga mmisiri wanzeru acita ciani? Nchito yace yeni yeni iyamba asanagwire sowo. Pogula, apempha matabwa a cipika cimodzi, ndipo agula okwanira nchito yonse nthawi imodzi, ndi ena apadera. Kubwerera mwezi wamawa kukafuna thabwa limodzi lofanana ndi anzace ndiko kusaka mwai. Akafika nao, apala pang'ono thabwa liri lonse, nawayala onse panja pamthunzi, pakuti nyali ya magetsi inyenga maso. Pamenepo awapukuta ndi kansaru konyowa. Thabwa lonyowa lionetsa mtundu umene lidzakhala nao litapakidwa vanishi, ndipo awiri amene anali kuoneka ngati mapasa ali ouma, angapezeke osiyana kotheratu.

Tsono asanja. Matabwa ofanana koposa apita pamwamba pa gome ndi pa zitseko za kabati, pamene diso liyamba kugwa. Osiyanako apita ku miyendo ndi m'mbali, cifukwa ziwalo zoima mosiyana zilandira kuwala mosiyana ndi kale, ndipo palibe azindikira. A mbali yoyera apita kumbuyo, pansi ndi m'kati. Pamene matabwa osiyana ayenera kukhala pamodzi, nkwabwino kuwaika motsatana, kuyambira wotuwa kufikira wodera, koposa kugundanitsa woyera ndi wakuda. Thabwa locindikala lingathenso kucekedwa pakati ndi kutsegulidwa monga buku, kuti mizere ya citseko ca kumanja iyankhe ya kumanzere. Mmisiri alemba zizindikiro ndi coko asanaunjike, kuti mawa asaiwale.

Amisiri ena athawira ku utoto wodetsa matabwa, napaka gome lonse kuti likhale mtundu umodzi. Iyi ndi njira yaulesi, ndipo pa cherry ibala cisoni. Thabwa limeneli limwa utoto mosalingana, pena kwambiri pena pang'ono, niturutsa mawanga oipa koposa amene mmisiri anafuna kubisa. Ngati utoto uli wofunika ndithu, ayambe wapaka shellac wosungunula kwambiri, kuti thabwa lisamwe mopitirira, ndipo ayese pa cidutswa cotsala. Pali msampha winanso. Wodetsa mbali yoyera yokha kuti ifanane ndi mtima wa lero adzapeza caka camawa kuti mtima wapitirira kuda, ndipo mzere woyera wabweranso. Ayenera kulinga mtundu umene mtimawo udzakhala nao, osati umene uli nao tsopano. Timizere takuda ta utomoni topezeka mu cherry si cilema ai. Ndimo mmene mtengowo ukhalira.

Dzuwa, limene liyambitsa bvuto, lingathenso kuthandiza, ndipo ku Pretoria silisowa, makamaka m'miyezi ya June ndi July pamene kumwamba kulibe mtambo. Ziwalo zopalidwa kale zikaikidwa pa dzuwa masiku angapo, zida msanga ndi kuyandikira mtundu wace wotsiriza. Koma zitembenuzidwe kawiri kawiri, pakuti thabwa lotenthedwa mbali imodzi lipindika. Mafuta a linseed naonso azamitsa mtundu wa thabwa osabisa mizere yace.

Cotsala ndico kulankhula ndi wogula, ndipo apa amisiri ambiri alephera cifukwa ca manyazi. Wogula aonetsedwe zidutswa ziwiri, catsopano ndi cakale, nchito isanayambe. Auzidwe kuti miyezi yoyamba asasiye mbiya ya maluwa kapena kansaru koluka pa malo amodzi, cifukwa pansi pace padzatsala cithunzi cotuwa; ndipo cikaoneka, acotse cinthuco, dzuwa lidzalinganiza lokha. Auzidwenso kuti mpando woonjezera caka camawa udzafika wotuwa kuposa anzace.

Pa mlombwa pali cifukwa cina cosamalira mbali yoyera. Mtima wace ciswe ciuopa, koma mbali yoyera ifumbwa msanga, ndipo iyenera kupakidwa mankhwala isanalowe m'nyumba ya munthu. Amisiri akale anali kungoitaya, pamene mitengo yaikuru inali yambiri. Masiku amenewo anapita. Mlombwa ukula mocedwa, ndipo moto wa m'thengo ubweza mbande zace pansi caka ndi caka. Ku South Africa uli pakati pa mitengo yotetezedwa ndi lamulo la nkhalango la 1998, kotero kuti kuudula popanda cilolezo ndi mlandu. M'mwezi wa November 2022 maiko a pangano la CITES, atasonkhana ku Panama, anaika mlombwa ndi mbawa za mu Africa pa mndandanda wa mitengo imene matabwa ace saoloka malire popanda kalata ya boma. Cipika cimene cifika kwa mmisiri lero ndi cacing'ono kuposa cimene atate ace anaceka, ndipo gawo lace loyera lacuruka. Ogula ena a m'mizinda ayamba kukonda gome la mlombwa lokhala ndi mzere woyera m'mphepete monse muwiri, bola mmisiri auike molingana, kuti uoneke kuti anacita dala.