Mahrez, woonda uja ankamukayikira

Ndikamasankha timu ya pasukulu pathu, maso anga amathamangira anyamata a matupi akuluakulu, oonda n'kuwasiya kunja. Mbiri ya Riyad Mahrez imandichititsa manyazi pa khalidwe limeneli.

Mahrez adabadwa mu 1991 ku Sarcelles, kufupi ndi Paris. Bambo ake, ochokera ku Algeria, adamwalira iye ali ndi zaka 15. Ambiri ankati ngwoonda kwambiri, sangapite patali ndi mpira. Mu 2014 Leicester City idamugula ku Le Havre ndi ndalama zosakwana theka la miliyoni ya mapaundi. Mu 2016 timuyi idatenga ligi ya ku England, iye atamwetsa zigoli 17, ndipo osewera anzake adamusankha kukhala katswiri wa chaka, woyamba wa mu Africa kulandira ulemuwo. Pomutenga mu 2018, Manchester City idalipira mapaundi 60 miliyoni.

Amalawife tidamudziwa mowawa. Chigoli chake choyamba m'timu ya Algeria adamwetsa Flames yathu, mu Okutobala 2014, tikugonja 3-0.

Pali kamnyamata ka Fomu 2 kamene ndakhala ndikungokatuma kukatunga madzi a osewera. Loweruka lino kayamba nawo, kumapiko.