Simenti Yotsekera Zibowo Imateteza Migodi ndi Mijigo

Mgodi usanatsegulidwe, akatswiri amaboola nthaka m'malo ambiri pofufuza miyala yamtengo wapatali. Zibowo zimenezi zikasiyidwa pululu, zimasanduka njira ya madzi. Madzi oipa a pamwamba amatsikira ku akasupe a pansi amene mijigo imadalira, pomwe madzi a pansiwo amatha kulowa mu mgodi.

Ukali wa madzi apansi unaoneka mu Okutobala 1968, pamene anathyokera mu mgodi wa golide wa West Driefontein ku South Africa. Mgodiwo unapulumuka anthu atamanga zipupa zochindikala za konkire m'njira za pansi.

Potseka chibowo, simenti ndi madzi pazokha sizikwanira, chifukwa phala lake likamauma limatha kunyala n'kusiya mipata. Motero amisiri amathiramo bentonite, dongo limene limafufuma likanyowa, kuti simenti isalekane ndi madzi. Pamalo pamene madzi akuthamanga, mankhwala a sodium silicate amafulumizitsa kulimba phala lisanakokoloke. Nalo phulusa la malasha lochokera kopangira magetsi limachepetsa mtengo. Phalalo amalipopera m'paipi kuyambira pansi penipeni kukwera m'mwamba, kuti pasatsale mphako.

Nkhaniyi ikukhudzanso alimi. Ofufuza miyala akamachoka m'dera, mafumu ndi makomiti a madzi ayenera kuonetsetsa kuti chibowo chilichonse chatsekedwa ndi simenti, osati kungovindikirapo mwala. Madzi apansi akaipitsidwa, kuwayeretsa kumavuta kwambiri, ndipo wovutika ndi mudzi, ziweto ndi madimba.