Zaka za Nyenyezi Timazidziwa Bwanji?

Anthu amandifunsa kawirikawiri kuti ife ophunzira za kuthambo timadziwa bwanji zaka za nyenyezi, poti palibe amene analipo pamene zinkabadwa. Ine ndimawauza kuti ayang'ane magulu awiri a nyenyezi, aone okha.

Loyamba ndi Nsangwe. Nyenyezi zake n'zowala kwambiri, zobiriwira ngati thambo, ndipo zakhalapo zaka pafupifupi 100 miliyoni. Lachiwiri ndi M67, m'chigawo cha Cancer, lomwe Johann Gottfried Koehler analitulukira mu 1779. Ili ndi la zaka pafupifupi 4 biliyoni, msinkhu woyandikira wa dzuwa lathu.

Nyenyezi za m'gulu limodzi zimabadwa nthawi imodzi, mumtambo umodzi wa mpweya ndi fumbi. Zikuluzikuluzo zimayaka ngati moto wa mapesi, n'kutha msanga. Zocheperapo zimayaka pang'onopang'ono. Choncho tikaona zimene zatha, zimene zayamba kufufuma n'kufiira, ndi zimene zidakali bwino, timawerengera zaka za gulu lonse. Mu M67 zowala zija zinapita kalekale.

Kuno kwathu gululi limaoneka bwino kumapeto kwa Marichi ndi mu Epulo, mvula ikamakata. Cha m'ma 8 koloko usiku limakhala m'mwamba, chakumpoto, pafupifupi pakati pa nyenyezi za Procyon ndi Regulus. Sankhani usiku wopanda mwezi, kutali ndi magetsi. Foni ikhale m'thumba kwa mphindi 20 kuti maso azolowere mdima. Ndi mabainokyula mudzaona kachifunga kotuwa basi, musakhumudwe. Pa telesikopu ya mainchesi 6 kachifungako kamasanduka tinyenyezi tambirimbiri tothithikana, ndipo mukayang'ana chapambali pang'ono, tina tobisika timatulukira. Kuwala kumeneko kwayenda zaka pafupifupi 2,700.

Chimandikondweretsa n'chakuti gululi lidakalipo. Magulu ambiri otere amabalalika pakatha zaka mamiliyoni mazana angapo, chifukwa chokokedwa ndi mitambo ikuluikulu ya mu Mlalang'amba. M67 inayamba ndi nyenyezi zochuluka, komanso ili patali ndi pamene mitamboyo yachulukira.

Muli nyenyezi zinanso zochepa zimene zimaoneka zanthete pakati pa zinzake zokalamba. Timazitcha blue stragglers. Zinayamwa mpweya wa nyenyezi zinzake zoyandikana nazo, kapena ziwiri zinaphatikana n'kukhala imodzi, ndiye zikutentha kuposa msinkhu wake.