Kavalo wodya msipu wa eni: ku England mwiniwake ali ndi masiku anayi okha

Ku England, mlimi atha kudzuka m'mawa n'kupeza akavalo achilendo akudya msipu wake, mwiniwake osaoneka. Ena amamangiriridwa m'mphepete mwa msewu kapena pabwalo la masewero. Mchitidwewu, womwe Angerezi amautcha fly-grazing, unakula chuma chitasokonekera mu 2008. Mtengo wa akavalo unagwa pomwe chakudya chawo chinali chodula, ndipo anthu ena anayamba kungowataya pamalo a eni.

Lamulo la ziweto la 1971 silinkathandiza kwenikweni. Wogwira kavalo ankadikira masiku 14, kenako ankakakamizika kukamugulitsa pamsika kapena pa okushoni. Apa mpomwe pankalowera chinyengo: mwini uja ankatha kubwera mwakachetechete n'kugulanso kavalo wake motchipa, wina atamudyetsera kwa milungu iwiri.

Zinthu zinasintha ndi lamulo la Control of Horses Act, lomwe Julian Sturdy, yemwe panthawiyo anali phungu wa dera la York Outer, anapititsa ku Nyumba ya Malamulo, ndipo linayamba kugwira ntchito mu May 2015. Tsopano khonsolo, mwini malo ngakhalenso wochita lendi ali ndi mphamvu yogwira kavalo wolowerera. Ayenera kudziwitsa apolisi pasanathe maola 24, komanso mwini kavaloyo ngati akudziwika. Pakatha maola 96, osawerengera Loweruka, Lamulungu ndi masiku atchuthi, kavaloyo amasanduka wa womugwira. Atha kumugulitsa, kumupereka ku bungwe losamalira ziweto monga World Horse Welfare, kapena kumupha m'njira yosazunza. Mwini akatulukira nthawi isanathe, amayamba walipira zomwe zawonongeka ndi ndalama zosamalira chiwetocho.

Dziko la Wales linatsogola ndi lamulo lake mu 2014, koma kumeneko mphamvuyi ili ndi makhonsolo okha, ndipo amadikira masiku 7.

Komabe mtolo waukulu ukadali pamutu pa wolakwiridwa. Masiku onse omwe kavalo ali m'manja mwake ayenera kumupatsa chakudya ndi madzi, apo ayi mlandu umamutembenukira. Ndalamazo angazibweze pokhapokha mwini atapezeka kapena kavaloyo atagulitsidwa. N'chifukwa chake kuyambira mu October 2020 boma linalamula kuti kavalo aliyense ku England aikidwe kachipangizo ka microchip pakhosi, kosonyeza mwiniwake. Vuto n'lakuti munthu wofuna kutaya kavalo ndi yemwenso salabadira zomuika kachipangizoko, choncho mlimi amatsala ndi chiweto chopanda dzina ndi ngongole ya dokotala wa ziweto.